Mpweya wa m'kalasi: zolemba za ntchito yathu pasukulu ina ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Meyi, sabata yachiwiri ya temu

Anzanga andisankha ine kuti ndizilemba momwe ntchitoyi ikuyendera. Akuti popeza ndinagwira ntchito zaka zambiri m'mafakitale a ku Workington, ndinazolowera kuwerenga mageji ndi kulemba manambala m'buku. Sindinakane. Tilipo asanu ndi awiri: makolo anayi a m'komiti ya chitukuko cha sukulu, aphunzitsi awiri, ndi mayi wina wa kumpingo kwathu amene anali namwino asanapume pantchito. Ambirife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, choncho pamsonkhano Chichewa ndi Chishona zimangolandizana. Koma zolembazi ndizilemba m'chinenero cha bambo anga. Dzina la sukulu sinditchula, a hedi anapempha choncho ndipo tinagwirizana nawo.

Nkhaniyi inayamba ndi mdzukulu wanga wa giredi 5, amene temu yathayi ankabwera kunyumba akudandaula mutu pafupifupi tsiku lililonse. Aphunzitsi ake anati si yekha, ikamakwana 11 koloko theka la kalasi limakhala likuyasamula, ena atagoneka mitu pamadesiki. Tonse tinati ndi njala. Chaka chino mvula inakana, ufa wakwera mtengo, ndipo ana ambiri amabwera m'mimba mulibe kanthu. Njalayo ilipodi, palibe akutsutsa. Koma amayi anamwino aja anandiuza kuti, "Bambo, tapitani mukalowe m'kalasimo nthawi imeneyo, mukaime pakhomo mphindi imodzi yokha, mudzandiuze."

Ndinapita. Nditatsegula chitseko, mpweya unandimenya kumaso ngati ndalowa m'kombi yodzaza mvula ikugwa, aliyense atatseka windo lake. Fungo la majuzi, la polishi, la thukuta, ndi kena kake kolemera kamene kalibe dzina. Aphunzitsi ndi ana sankamva kanthu, mphuno zawo zinali zitazolowera kuyambira m'mawa.

Tagwirizana kuyamba ndi makalasi atatu okha: giredi 5 ya mdzukulu wanga, giredi 7 ina, ndi chipinda cha ana a ECD, tiana ta sukulu ya mkaka. Tasonkha ndalama yogulira kamakina koyezera mpweya. Tasonkha madola a ku America, chifukwa ZiG, ndalama yatsopano ya dziko lino, yabwera mu Epulo 2024 muno ndipo a m'masitolo akuiyang'anabe cham'mbali.

Meyi, kumapeto

Ndalama yathu yoyamba yalowa m'madzi, ndipo wolakwa ndine. Ndinapita m'tauni, ndinalowa m'kasitolo kena kogulitsa mafoni ndi machaja, mnyamata anandionetsa kamakina kokongola kowala mitundu itatu, nati kamayeza chilichonse. Ndinagula osafunsa munthu. Kunyumba ndinakayesa: ndinakapumira mpweya wa m'kamwa kangapo, nambala inangosuntha pang'ono. Kenako amayi a kunyumba anakhala pafupi nako akusenda nachesi, nambala inalumpha mpaka masauzande, kamakina n'kuyamba kulira ngati nyumba ikupsa. Safunsa anadya phula.

Zimene ndaphunzira n'zakuti timakina tambiri totchipa sitiyeza n'komwe mpweya wa carbon dioxide (CO2), umene timatulutsa popuma. Timangonunkhiza fungo la zinthu monga sipiriti, pafyumu kapena khungu la chipatso, kenako n'kupeka nambala. Kamakina koona kamakhala ndi zilembo zakuti NDIR. M'kati mwake muli kachubu kamene kuwala kosaoneka ndi maso kamadutsamo, ndipo CO2 akachuluka amameza kuwala kuja, kamakina n'kuwerenga kuchepa kwakeko. Mwana wa amayi anamwino ali ku Johannesburg, watitumizira tiwiri totere pabasi, ndi kena kachitatu koyezera utsi ndi fumbi.

Titatifikitsa panja, tiwiri tija tinkaonetsa nambala yotsika kuposa 420, imene ndi mlingo wa mpweya wa panja padziko lonse masiku ano. Ndinayamba kuganiza kuti tapusitsidwanso. Ayi ndithu. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kuno ndi wopepuka, ndiye kamakina kotcheredwa kumalo otsika kamawerenga mochepetsa. Tinatisiya pansi pa mtengo kutali ndi msewu kwa theka la ola, n'kudina batani louza kamakina kuti uwu ndiwo mpweya wa panja. Tsopano tiwiri tonse tikugwirizana.

Juni, sabata yoyamba

Tsiku loyamba loyeza ndinakhala kumbuyo kwa giredi 5 pakampando ka mwana, maondo ali pachifuwa. Kamakina tinakaika pamwamba pa kabati, kutali ndi chitseko ndiponso kutali ndi pakamwa pa munthu. Tinakatchera kuti kaziwala mobiriwira nambala ikakhala pansi pa 1,000, mwachikasu ikadutsa pamenepo, mofiira ikapyola 1,500.

Ana analowa akunjenjemera, manja ali m'majuzi, womaliza n'kutseka chitseko ndi phazi. Phunziro la masamu lisanafike pakati, chikasu. Lisanathe, kufiira. Pofika nthawi ya buleki nambala inali itadutsa 2,400 ndipo inkakwerabe. Kamnyamata kena ka padesiki yomaliza kankangoyang'ana ine ndi kamakina mosinthasintha, kenako kanandinong'oneza kuti, "Agogo, kakafiira ndiye kuti kaphulika?"

Pa buleki aphunzitsi anandifunsa tanthauzo la nambalayo, ndipo ndinawawerengera papepala. Mpweya umene munthu amatulutsa popuma uli ndi CO2 wokwana pafupifupi 40,000 pa muyeso womwewu. Wa panja uli ndi 420. Ngati m'kalasi muli 2,400, ndiye kuti 2,000 wowonjezerayo wachoka m'zifuwa za anthu a momwemo. Gawani 40,000 ndi 2,000, mupeza 20. Kutanthauza kuti mwana akakoka mpweya maulendo 20, ulendo umodzi wathunthu wakoka mpweya umene unali kale m'mapapo a mnzake. Aphunzitsi anangoti "Mayo ine," n'kuyang'ana mazenera.

CO2 pamlingo umenewu sapha munthu, ngakhale amalemetsa mutu. Chimene timamuyezera n'chakuti ndi mboni: akachuluka, ndiye kuti china chilichonse chotuluka m'chifuwa cha munthu chikuzunguliranso m'chipindamo. Malire a 1,000 aja si a dzulo, anawaika dokotala wa ku Munich, Max von Pettenkofer, mu 1858. Ife tinakumbutsidwa zimenezi ndi COVID, sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020, koma titabwerera tinalimbikira kupopera mankhwala pamadesiki ndi kusamba m'manja, mazenera tinawaiwala. Amayi anamwino nkhawa yawo si COVID, ndi chifuwa chachikulu. Akuti tizirombo take timatha kuyandama maola angapo m'chipinda chotseka, ndipo pa zaka zawo zonse za ntchito sanaonepo mankhwala opopera amene amaposa zenera lotsegula.

Madzulo ake tinayendera mazenera limodzi ndi limodzi. Apa ndiye panali nkhani. Mazenerawa ndi achitsulo, akalekale, aakulu pansi ndi tating'ono pamwamba totsegukira kunja. Tapamwamba tonse m'giredi 5 tinamatidwa ndi penti, zikuoneka kuti opaka anangodutsitsa bulashi pamahinji ndi pazotsekera pomwe, chaka china kukubwera alendo. Kunja kwake n'kokongola ndithu, chikomekome cha mkuyu. Aakulu awiri anawotcheredwa mbava zitathyola. Pamene galasi linasweka anakhomapo thabwa. Njerwa zamabowo za pamwamba pa khoma, zimene omanga anaziikira ntchito imeneyi, zina zatsekedwa ndi mapepala, zina ndi zisa za mavu. Omanga sukuluyi ankadziwa zimene ankachita. Ndife amene takhala tikutseka pang'onopang'ono, aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka.

Juni, sabata yachitatu

Loweruka tinabwera ndi mipeni yopalira penti, nyundo, girisi ndi makwerero obwereka kutchalitchi. Mnyamata wina wowotcherera wa m'dera lathu anadula pamene panawotcheredwa n'kuika zotsekera zam'kati, sanalandire kanthu koma nsima ya masana. Pofika 4 koloko timazenera tonse tapamwamba m'makalasi atatu tinkatseguka. Tinabalalika tikudzitama.

Lolemba ndinafika m'mamawa, ndinatsegula zonse, aakulu ndi aang'ono omwe, ana asanalowe. Kamakina kanakhala kobiriwira, ine mtima uli m'malo. Koma posakhalitsa ana anayamba kutsokomola, kamtsikana kena ka mphumu kanatulutsa kopopera m'kamwa, ndipo aphunzitsi anabwera kumbuyo kuja nkhope itasintha.

"Agogo, ine ndimakulemekezani, koma taonani ana awa. Ena alibe ndi masokosi omwe. Ndiye utsi uwu mukuumva? Mukufuna ndiphunzitse kapena ndizipukuta mamina?"

Ndinayatsa kachitatu kaja, koyezera utsi, kamene ndinali ndisanakagwiritse ntchito kwenikweni. Nambala inali pamwamba kwambiri, m'kalasi chimodzimodzi panja. Ndinatuluka kukayang'ana. Mufakose yense anali pansi pa chinsalu chotuwa, chosakwera kumwamba, chongoyandama pamwamba pa madenga. Magetsi anali atazima kuyambira usiku, madzi a kudamu la Kariba opukusa magetsi chaka chino ndi ochepa, ndiye nyumba iliyonse inali itasonkha moto panja: nkhuni, makala, utuchi, ena mapulasitiki oyatsira. Onjezani makombi akale akuwotha injini ndi milu ya zinyalala ikufuka m'mbali mwa msewu. Walira mvula walira matope. Ndinali nditatulutsa mpweya wa m'zifuwa n'kulowetsa utsi wa dera lonse.

Ndinapepesa kwa aphunzitsi, tinatseka aakulu aja.

Sabata yonseyi ndakhala ndikuyeza panja ola lililonse, ndipo chithunzi chake n'chofanana tsiku ndi tsiku. Usiku wa Juni kumwamba kumakhala kopanda mitambo, nthaka imazizira kwambiri, mpweya wozizira umagona pansi ndipo wofunda umakhala pamwamba pake ngati chivundikiro cha mphika. Utsi wa m'mawa umasowa kolowera. Dzuwa likatenthetsa nthaka, cha m'ma 9 koloko kupita 10, chivundikiro chija chimatseguka, utsi umakwera, nambala imagwa. Tinthu timene kamakinaka kamayeza amatitcha PM2.5, tating'ono kwambiri moti tsitsi limodzi ndi lonenepa kuposa ito maulendo pafupifupi 30, ndipo timalowa mpaka pansi pa mapapo. Bungwe la WHO mu 2021 linati pa tsiku lathunthu tisapyole mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo pa chaka tisapyole 5. M'mawa wa Juni kuno timakhala kutali ndi pamenepo.

Mwayi wathu ndi wakuti mavuto awiriwa sabwera nthawi imodzi. Utsi umavuta m'mamawa, pamene m'kalasi mpweya ukadali watsopano. CO2 amafika poipa pamene utsi wayamba kale kubalalika. Ndiye tagwirizana ndi aphunzitsi motere: m'mawa tizitsegula timazenera tapamwamba tokha, mbali zonse ziwiri, mpata wa zala zitatu. Mpweya wofunda umatulukira m'mwamba momwemo ndipo wozizira ukamalowa sugwera mwana pakhosi. Ikakwana 9 koloko, aakulu ndi chitseko. Pa buleki ana onse panja, zonse zotsegula. Masiku atatu otsatizana kamakina sikanafiire. Chikasu chokha, ndipo ine chikasu ndachilandira.

Julayi, sabata yoyamba

Aphunzitsi a giredi 5 asankha ana awiri sabata iliyonse oyang'anira mazenera. Apatsidwa ndodo yokhala ndi kambedza yotsegulira tapamwamba, ndipo akuilimbirana ngati ndodo ya ufumu. Giredi 7 zikuyenda mwa apo ndi apo, aphunzitsi ake amazizidwa msanga ndipo sindikufuna kukangana nawo.

Julayi, pakati

Kuseri kwa chipinda cha ECD kuli dzala la sukulu. A keyateka amalitentha m'mawa uliwonse akangomaliza kusesa, nthawi yomweyo imene utsi sukwera, ndipo kamphepo kamaukankhira pa mazenera a tiana tija. M'dzalamo muli mapepala, masamba, mabotolo apulasitiki ndi timapepala ta zokazinga timene ana amagula pageti. Ndinawapeza ali ndi machesi m'manja.

"Achimwene, bwanji osadikira ana aweruke?"

"Akulu, masana kuli mphepo, moto ungalumphire kumpanda. Ndipo galimoto yotola zinyalala mwaiona liti kuno? Ndikazisiya, makoswe. Ndikatentha, inu. Ndipange chiyani?"

Sanalakwe. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, gawo 73, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osaononga thanzi lake, koma gawolo silinyamula zinyalala. Ndaonanso kuti Lachisanu loyamba la mwezi, tsiku loyeretsa dziko limene linakhazikitsidwa mu Disembala 2018, ana amatola zinyalala mokondwa, amaunjika milu, ndipo miluyo madzulo ake imafuka. Timasesa pansi n'kupachika zinyalalazo mumpweya.

Zimene takwanitsa n'zochepa koma zooneka. Masamba ndi zotsala za chakudya zikupita kudzenje la manyowa pafupi ndi dimba la sukulu. Mabotolo akusungidwa m'matumba, pali amayi ena amene amayenda ndi ngolo kuwatola kukagulitsa. Zotsalazo ndi zochepa moti a keyateka akutentha kamodzi pa sabata, Loweruka, kudzala latsopano kumapeto kwa bwalo la mpira. Kutentha sikunathe, ndisanamize munthu. M'nyengo yopanda mvula bungwe loona za chilengedwe la EMA limaletsa kuyatsa moto patchire, ndiye tiyenera kulambula udzu kuzungulira dzalalo.

Tsiku lomwelo ndinapeza china chimene chinandiopsa kuposa zonse. M'chipinda cha ECD, pakona, panali mbaula ya makala ikuyaka, chitseko chotseka. Amayi othandizira anaibweretsa ndi mtima wabwino, tiana tinkalira ndi chisanu. Amayi anamwino sanakalipe. Anakhala nawo pansi n'kuwafunsa ngati amamva mutu kapena chizungulire pofika masana, iwo anavomera. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, umene umakakamira m'magazi pamalo pa okosijeni. Ndi womwe uja umapha mabanja athunthu m'tulo nyengo yozizira iliyonse. Timakina tathu tonse titatu sitiuona n'komwe. Mbaula yatuluka. Amayi a chigwirizano kumpingo asonkha mabulangete akale ndi makatoni oyala pansi pa mphasa kuti simenti isazizire tiana. Mlonda wa usiku nayenso tamuuza za mbaula ya m'kanyumba kake, wangoseka, akuti wakhala akuotha zaka makumi awiri. Ndibwererakonso.

Julayi, kumapeto

Kusesa. Ana amasesa m'mawa ndi matsache ouma, fumbi limakwera, kenako amakhala pansi n'kulipuma ola lathunthu. Agogo athu ankawaza madzi pabwalo asanasese, ife tinaiwalira kuti? Tsopano akusesa poweruka, atawaza madzi, mazenera ali otsegula. Bolodi akupukuta ndi kansanza konyowa m'malo momenyetsa dasitala pakhoma.

Polishi ndiye wavuta. Lachisanu lililonse ana amabwera ndi timabotolo ta polishi wopangira pakhomo, wa makandulo osungunula ndi palafini, ndipo Lolemba kalasi yonse imanunkha ngati pagalaja. Nditanena kuti tisiye, amayi a m'komiti anandiyang'ana ngati ndatukwana. Pansi posawala, kwa iwo, ndi sukulu yopanda mwini. Tagwirizana zopaka kawiri pa temu, Lachisanu masana, timazenera tapamwamba n'kugona totsegula mpaka Lolemba. Apa ndagonja theka.

Ogasiti, tchuthi

Mphepo ya mwezi uno yakakatula chidutswa cha denga la khonde la giredi 7. Denga la sukulu yonseyi ndi la asibesitosi, ngati nyumba zambiri za ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku. Tinakulira pansi pake tonsefe. Dziko lino linkakumba lokha mwalawu ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo amalume anga ena anagwirako ntchito kumigodi imeneyo.

Nditafika ndinapeza zidutswa zili mbwee pansi, ndipo atsikana anayi a m'nyumba zoyandikana akusewera phada. Mwala wawo woponya unali kachidutswa ka denga lomwelo. Mmodzi anali atagwada akukanola pasimenti kuti kakhale kozungulira bwino, kafumbi koyera kali m'zala, kenako anakapemerera ndi pakamwa. Ndinaima kaye osadziwa chonena, chifukwa alongo anga ankachita chimodzimodzi ndili mwana, ndipo ifenso tinkaponya zidutswa zotere pamoto kuti timve kuphulika.

Denga la asibesitosi likakhala lathunthu, losakhudzidwa, chiopsezo chake n'chochepa. Vuto limayamba likasweka, likaboledwa, likachekedwa kapena kukwechedwa, chifukwa timaulusi take tosaoneka timauluka ndipo tikalowa m'mapapo sitituluka. WHO imanena mosabisa kuti mitundu yonse ya asibesitosi, ndi woyera wathu yemweyu, imayambitsa khansa. Matenda ake amaonekera patapita zaka 20, 30 kapena 40, pamene palibe akukumbukira za phada.

A keyateka anali atabwereka kale makina ochekera kuti awongole m'mphepete mwa denga losweka. Tinawaletsa. Tinathira madzi pazidutswa zonse mpaka kunyowa, tinatola ndi magolovesi, mphuno ndi pakamwa titaphimba, tinakulunga m'mapulasitiki awiri okhuthala n'kumanga. Pansi tinakolopa, sitinasese. Mitoloyo ili m'sitolo yokhoma, ndipo a hedi alemba kalata yofunsa kumene tingakataye movomerezeka. Pakhondepo tikhoma malata.

Pamsonkhano bambo wina anati ndiye tichotse denga lonse. Ndinakana. Ndalama yake tilibe, ndipo kuchotsa ndi anyamata a ganyu, ndi nyundo ndi zikwanje, kungadzaze sukulu ndi fumbi loposa limene denga lingatulutse pa zaka makumi asanu litangokhala. Talemba chikalata chopachika mu ofesi: pasapezeke woboola kapena kucheka denga, kaya woika sola, kaya wokonza waya, osayamba wauza komiti. Atsikana aja ndawapezera zidutswa za matailosi.

Seputembala, temu yachitatu

Chinthu chimene sitinachiganizire: sukulu ino ili ndi zimene kuno amati hot seating. Ana ndi ambiri kuposa zipinda, ndiye gulu lina limaphunzira m'mawa, lina limalowa masana m'chipinda chomwecho. M'giredi 5 gulu la m'mawa likamatuluka, la masana limakhala litaima kale pakhomo, mipando ikadali yofunda. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyeza m'mawa mokha, chifukwa mdzukulu wanga ndi wa m'mawa. Manyazi andigwira. Nditayeza masana ndinapeza kuti aphunzitsi a gululi sanauzidwe chilichonse, ndipo amatseka mazenera a mbali ya bwalo chifukwa cha phokoso la ana oweruka. Takambirana, ndipo a hedi avomera mpata wa mphindi khumi pakati pa magulu awiriwa, chipinda chili chopanda munthu, zonse zotsegula. Mphindi khumi zokhazo zikutsitsa nambala kufika pobiriwira.

Mwana wa ku Johannesburg uja anatitumizira zithunzi za bokosi losefa mpweya limene anthu ku America anayamba kupanga mu 2020, la fani ndi masefa anayi omata ndi tepi. Limagwiradi ntchito pa utsi ndi fumbi, ndipo likanatithandiza m'mawa wa Juni. Koma limafuna magetsi pa maola omwe kuno kulibe, masefa ake ndi ochokera kunja, ndipo CO2 silichotsa. Taliika pambali kufikira sola ya sukulu idzakulitsidwe, ngati idzakulitsidwe.

Okutobala

Kwatentha. Tsopano palibe wofunika kumuuza kuti atsegule zenera, ndipo timakina tikungokhala tobiriwira. Vuto lasamukira kwina. Madzi a m'mipopi akubwera mwa apo ndi apo, zimbudzi zogejemula zikuuma, ndipo mphepo ikachokera kumeneko aphunzitsi a giredi 7 amatseka mbali yonse. Sindingawadzudzule, ndinaimapo ndekha.

Ife a kumadzulo kwa mzinda uno nkhani ya madzi sitiitenga mwamasewera. Kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro, pafupi pomwepa, ndi kumene kunavuta kwambiri. Mu Seputembala 2018 anabweranso ku Glen View ndi Budiriro komweko, ndipo wina anayamba mu 2023. Ndiye taika migolo iwiri pakhomo la zimbudzi, yodzazidwa kuchokera kumjigo m'mawa ndi masana, ndi zidebe zothirira. Ndowa zosambira m'manja za nthawi ya COVID tazipeza m'sitolo zitaunjikidwa, timipopi tina tothyoka. Zisanu takonza. Sopo akusowa tsiku lomwelo akaikidwa, choncho tikusungunula wa ufa m'mabotolo oboola pachitsekero n'kuwamangirira ndi waya.

Aphunzitsi a giredi 5 akuti ana osinza achepa. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndi mazenera, koma temu ino sukulu yayambanso kuphika phala, ndipo sindingathe kulekanitsa ziwirizi. Mdzukulu wanga mutu unasiya. Iye akuti n'chifukwa anamusamutsira kutsogolo.

Novembala, mvula yoyamba

Yagwa Lachiwiri masana, ya mphepo. Utsi ndi fumbi zatsika tsiku lomwelo, kamakina kachitatu kanaonetsa nambala yotsika imene sindinaionepo chiyambire. Koma mazenera onse anatsekedwa chifukwa mvula inkalowa, ndipo m'giredi 5 munafiiranso ngati Juni. Timazenera tapamwamba timatsegukira kunja, galasi lake limakhala ngati kadenga, ndiye tingathe kukhala totsegula pang'ono ngakhale kukugwa mvula. Ndawaonetsa ana a ndodo aja. Mbali yochokera mphepo azitseka, inayo azisiya.

M'chipinda cha ECD denga likudontha pakona pamene panali mbaula, ndipo pakhoma payamba kale chuku chakuda. Kukwera padengapo sitingalole munthu, asibesitosi wakale amaphwanyika ndi phazi. Tikufuna womata ming'alu ali pamakwerero, chapansi, osaboola. Makatoni oyala pansi aja anyowa, atayidwa.

Kalata ya a hedi yofunsa kotaya mitolo ija sinayankhidwe, alembanso ina. Makalasi ena khumi ndi anayi sitinawakhudze, ndipo dzulo ndinayenda ndi a keyateka kuwerenga timazenera tomatidwa ndi penti kuti tidziwe girisi ndi mahinji ofunika pa tchuthi cha Disembala. Kamakina kamodzi batire lake layamba kufooka, sikakufika masana. Mawa ndikaika kotsalako m'giredi 3, kumene aphunzitsi anabwera okha kudzakapempha.